Nkhope ya Anganga pa Khomo la Tchalitchi

Ulendo uwu sindinaufune, ndipo ndinene zimenezi poyamba kuti wina asanditame kuti ndine mwana wabwino. Ndinali ndi nthochi zakupsa zoti ndikagulitse pa Chitakale, mwana wodwala chifuwa, ndi achimwene awiri ku Blantyre amene chikondi chawo pa ababa chimathera pa foni. Koma ababa, a Bonifasi, anali atayamba kubweza chakudya, ndipo amene ankaona mbale ikubwerera ndi ine.

Ababa anali mmisiri wa miyala. Anamanga milatho ndi ngalande m'minda ya tiyi mpaka maso anawathera, ndipo kuchipatala anatiuza kuti palibenso chochita. Khungulo analilandira osadandaula. Chimene chinawagwetsa ndi nkhani imene anabwera nayo msuweni wawo wa geni ya nandolo, pochokera ku Mozambiki. Anati tchalitchi chakale cha miyala cha ku Mukhura, mudzi umene ababa anabadwira, chinang'aluka ndi mvula yamkuntho ija. Akhristu aumba kale mabuloko a chatsopano, ndipo chakalecho achigwetsa mvula isanagwe, miyala yake ikalowe m'maziko.

"Felesiya," anatero ababa mlendo atapita, "amayi anga andithawa m'mutu. Anthu onse ndimawaona ndithu mumdima muno, amako, anzanga a ku esiteti, ngakhale kapitawo amene ndinkadana naye. Koma amayi ndikawaitana pakubwera nsalu yokha, nkhope palibe."

Anganga amenewo anamwalira ababa ali mwana. Chithunzi panalibe, manda sakudziwika. Nkhope yawo inatsala malo amodzi okha: pa khomo la tchalitchi chija, pamene bambo a ababa anaisema pa mwala. Ababa ankafuna kukaigwira ndi manja nyundo isanafikepo. Ndinakana, ndinakalipa, ndinaimbira achimwene amene anati ndalama atumiza koma nthawi alibe. Pomaliza ndinavomera, ndipo walira mvula walira matope.

Tinanyamuka pa Likhubula m'mawa pa njinga yamoto, ababa pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira ndi dzanja limodzi, lina ndodo yawo ndi chikwama. Anavala jekete lawo la ku tchalitchi, lomwe tsopano linali ngati lobwereka. Pamene ndinawagwira m'chiuno ndi pamene ndinadziwa kuti munthuyu watsala mafupa, ndipo mkwiyo wanga unasanduka mantha. Wanjinga anatisiya pa depoti pa Boma n'kutiuza kuti tayenda bwino, ngati ulendo unali womwewo.

"Muloza boda! Wotsala mmodzi! Muloza boda!"

Tinakwera minibasi yooneka yodzaza, koma aliyense wa kuno amadziwa bodza limeneli. Ife titangokhala, amuna awiri anatsika n'kukaima pamthunzi, chifukwa ntchito yawo inali yongofunditsa mipando. Dzuwa linakwera. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwepo. Pambali pa ababa panakhala mnyamata wa suti yonyezimira, atanyamula sipika pamiyendo, ndipo anadziulula yekha kuti ndi mlaliki.

"Madala, ulendo wa kuti ndi maso amenewa?"

"Kukaona tchalitchi," anatero ababa.

"Matchalitchi atha kuno?"

Ababa anamufotokozera za makoma a miyala yosema, otakata moti munthu ankatha kugona pa windo osagwa, za mizati yochirikiza khoma kunja, ndi za nkhope za pakhomo. Mlaliki anapukusa mutu.

"Amenewo ndi mafano, madala. Mulungu sakhala m'miyala."

"Inu mumapemphera muti, abusa?"

"Mutenti."

"Mvula ija tenti inakhala?"

"Inapita."

"Ndiye amene amakhala mutentiyo anasamukira kuti?"

Anthu anaseka, ndi ine ndemwe. Koma mayi wina amene anakhala kumbuyo kwathu, atafunda chitenje chakuda, anayankhula osakweza mawu.

"Ife tinathawira m'tchalitchi. Tinkati m'nyumba ya Mulungu madzi salowa. Khoma linagwera mkati. Ana anga awiri anali chakukhomako."

Kuseka kunaduka ngati wazimitsa wailesi. Ababa anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo, n'kufunsa ngati khomalo linali la njerwa zomangira dothi. Mayi uja anati sakudziwa, ndipo sakufuna kudziwa.

"Makoma onse amagwa, bambo," anatero. "Lanulo langochedwa."

Minibasi inanyamuka dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ndipo posakhalitsa tinalowa m'minda ya tiyi. Za kukongola kwa mindayo afunseni alendo. Ine ndinkaona miyala ikuluikulu imene napolo anaigubuduza kuchokera m'phiri n'kuisiya m'minda ya anthu, ndi malo amene kale panali nyumba.

Titadutsa Mimosa ababa ananditsina pabondo. Ndinadziwa. Matenda a amuna okalamba aja, madzi sadikira. Ndinauza kondakitala, iye anati tiima pa Limbuli. Ndinauza dalaivala, iye anakweza nyimbo. Apa ndiye ndinaiwala ulemu.

"Iwe, abambo ako unawasiya kuti? Ukufuna munthu wamkulu achite manyazi pamaso pa anthu? Ima!"

Anaima, koma tinali titachedwa. Ababa anatsika thalauza litanyowa mbali imodzi, ndipo anaima m'mbali mwa msewu osadziwa kolowera. Kwathu mwana wamkazi safika pamenepo. Ndingawaphikire, ndingawachapire, ndingawatsogolere pa dzanja, koma kutchire sindingapite nawo. Amuna onse m'galimoto anayang'ana pawindo lina. Amene anatsika ndi mlaliki uja. Anasiya sipika yake pampando, anagwira ababa pamkono, nati, "Tiyeni madala, njira ili uku." Anakhalitsa nawo m'tiyimo. Pobwera ababa nkhope inali itagwa, ndipo mayi wa chitenje chakuda uja anali atayala kale pepala la pulasitiki pampando wawo. Ndinalira pang'ono, moyang'ana kumbali.

Pa Limbuli kondakitala analengeza kuti galimoto yathera pomwepo, poti otsala opita ku boda tinali ochepa. Ndalama ya mtunda wotsalawo anabweza mwa theka, ndipo ndinalibenso mphamvu zokangana. Ndinagula thalauza la kaunjika pamsika, mwini golosale wina anawalowetsa ababa kumbuyo kuti asinthe. Linali lalifupi, akakolo ali pamtunda.

"Likundikhala?" anafunsa.

"Ngati munabadwa nalo."

"Wabodza iwe. Mphepo ndikuimva m'miyendo."

Tinakwera makabaza awiri mpaka pa Muloza. Amene anakweza ababa ndinamuuza kuti akawagwetsa asabwererenso kwawo, ndipo anayenda pang'onopang'ono moti atsikana osenza nkhuni ankatipitirira.

Pa boda panali mzere wa amalonda ndi malole oima kuyambira dzulo lake. Tinadikira padzuwa, ababa atakhala pa chikwama. Titafika pawindo panafunika kuti asaine, ndipo poti saona anawauza kuti adinde chala. Anadinda, panatuluka chibanga chakuda chopanda mizere. Anayesa chala china, chimodzimodzi. Simenti ndi miyala zinadya kalekale zala zawo. Bwana wa pawindo anayang'ana manjawo, anayang'ana ababa, kenako anangodinda mapepala n'kutipatsa.

Mlatho tinawoloka wapansi. Pakati pake ababa anaima n'kumvetsera madzi. Anati tsiku limene anabwera kuno sanadzere pa mlatho. Anawoloka kumtunda, pobisika, atakwera pa mapewa a bambo awo, akuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anati kuyambira pamenepo sanabwererenso, poyamba chifukwa cha mantha, kenako nkhondo, kenako ana ndi ntchito, kenako manyazi oti anachedwa.

"Ndinkati mwala suthawa," anatero.

Ku Milanje tinapeza galimoto ya njira ya ku Mukhura itapita kale. Tinagona pa nyumba ya alendo ya pafupi ndi msika, ndipo za nsikidzi za kumeneko sindinena. M'mawa msuweni wa ababa uja, wa nandolo, anatipezera malo pa lole ya mnzake yopita kukatenga nandolo. Ababa anawaika kutsogolo, ine pamwamba pa matumba opanda kanthu pamodzi ndi amayi onyamula mchere ndi sopo. Phula linatha msanga. Kuyambira pamenepo linali fumbi lofiira, maenje, ndi timilatho ta mitengo timene onse tinkatsika kaye kuti lole iwoloke yokha. Ababa sankatsika, ndipo nthawi iliyonse ndinkaima kutsidya, kuyang'ana matayala akuyenda pa mitengo yolira.

Dzuwa litapendeka kunamveka kuti khwaa, lole n'kutsamira mbali imodzi. Sipuling'i inali itaduka. Dalaivala anatukwana m'Chipwitikizi, anatukwana m'Chilomwe, kenako anatenga chikwanje kukadula mtengo woti amangirire pamenepo ndi mphira. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Madzi anali atatha. Ababa milomo inali itauma, ndipo mpweya unkatuluka movuta. Apa mantha anga anatulukira pakamwa.

"Ababa, mukafera kuno nditani nanu? Mtembo ndidzawoloka nawo bwanji? Tikuvutikira mwala, mwala basi!"

Ababa anayamba kufotokoza ngati sindinanene kanthu. Anati tchalitchicho anamangitsa ndi bulazala wina wachizungu wa ku mishoni amene ankafuna chifanane ndi cha m'mudzi wa kwawo. Miyala ankaswa m'phiri, kuisenza pamutu, kuisema mbali zonse, n'kumangira laimu wotentha okha. Chitsulo munalibe. Khomo analipinda pamwamba ngati uta: ankayamba apanga chikombole cha matabwa, n'kumasanja miyala mbali iyi ndi iyo mpaka kukumana pakati, pamene ankakhomerapo mwala wotsekera. Tsiku lochotsa matabwa anthu onse anathawira patali, koma bambo a ababa anauzidwa kuti aime pansi pake, poti mmisiri amene sakhulupirira khomo lake asalowetsepo anthu.

"Nanga nkhope?" ndinafunsa, ngakhale mkwiyo unali usanandithere.

"Bulazala anafuna amayi atatu aja anapita kumanda a Yesu m'mamawa. Anawapatsa ababa chithunzi cha azungu a mphuno zazitali kuti atengere. Ababa anati mphuno imene sindinaigwirepo sindingaiseme. Ndiye anatenga akazi a amisiri anzawo awiri, ndi amayi. Amayi anawaika pafupi penipeni ndi khomo, atanyamula nsupa ya mafuta. Ankakhala pa mtondo madzulo alionse, ababa akuwayang'ana n'kumagogoda. Amayi ankaseka, ababa n'kumakalipa kuti akuwononga pakamwa. Mphini za pamasaya anazisema zonse."

"Anamwalira bwanji?"

"Ndi pakati. Mvula yotsatira. Mwanayo sanatuluke. Ukunena zoona, Felesiya, ndi mwala. Koma china ndilibe."

Lole inadzuka mochedwa ndipo inayenda ngati nkhalamba. Tinagona kwa abale a dalaivala, m'mudzi wa m'njira. Kutacha anatitsitsa pa mphambano n'kutilozera kanjira kokwera chitunda. Ababa anayenda okha ndithu, dzanja pa phewa langa, akupuma pafupipafupi. Ndisanaone chilichonse iwo anaima.

"Ukumva?"

Zinali nyundo.

Tchalitchicho chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, chotuwa, chokhala pansi mwamphamvu. Denga theka linali litachotsedwa. Mng'alu unayambira pamwamba pa khoma la kumbuyo mpaka pansi, woti mkono kulowa, ndipo kumeneko amuna anali atayamba kale kugumula. Pabwalo panali milu ya mabuloko. Koma kumaso kunali kusanakhudzidwe. Khomo lopindika lija linali chiimire, masamba a mpesa ndi timbalame zosema zikuzungulira m'mphepete mwake.

Anatilandira akatekisi, a Armando, bambo wamfupi woyankhula Chichewa chosakaniza. Nditawafotokozera kuti ababa ndi mwana wa amene anasema khomolo, anavula chipewa n'kuitanitsa kuti nyundo ziime kaye.

"Bondiya, papa," anatero, kupereka moni wa Chipwitikizi. "Mwafika nthawi yake. Sabata ya mawa tikanakhala tili kuno kumaso."

"Ndiperekezeni kumanzere," anatero ababa.

Amayi atatu aja anali pamenepo, otalika ngati mwana wa sukulu, ataima motsatizana m'khoma. Wa kunja anali ndi chibowo cha chipolopolo paphewa, koma nkhope yake inali yonse, milomo yokhuthala, maso otsika. Wapakati nayenso anali bwinobwino, mpaka mikanda ya m'khosi. Ndinayang'ana wachitatu, wa pafupi ndi khomo.

Nsupa inalipo. Manja analipo, nsalu inalipo. Koma pamene panayenera kukhala nkhope panali posalala, pakuda, ponyezimira ngati mwala wa mumtsinje. Mphuno panalibe, maso panalibe, pakamwa panangotsala kadzenje kosaoneka bwino.

Ababa anali atatambasula kale manja. Sindinawachenjeze. Anagwira nsupa, anamwetulira, anakweza zala m'khosi, pachibwano, n'kufika pamenepo. Zala zinayenda, zinabwerera, zinayendanso.

"Si pano," anatero. "Mwandiimika polakwika."

Anasunthira kwa wapakati, anamupapasa, nati awa ndi akazi a uje. Anapita kwa wa kunja, anawatchulanso dzina. Kenako anabwerera okha pa wachitatu n'kuima.

"Anaswa ndani? Asilikali?"

A Armando anayang'ana pansi. Anati si nkhondo, ndipo palibe anaswa. Anati kuyambira kale amayi a m'mudzimo akakhala ndi pakati amabwera kudzagwira nkhope imeneyo polowa m'tchalitchi. Amadzola mafuta m'manja, kusisita pamwalapo, kenako kusisita pamimba, kuti akachire bwino. Amayi awo anatero, akazi awo anatero, ana awo akutero. Ansembe ena analetsa, koma analephera.

Ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wanga. Njira yonse ija, manyazi a ababa m'tiyi muja, kuti tidzapeze kuti anthu anafufuta anganga ndi manja a mafuta.

"Mukudziwa amene mumamusisitayu?" ndinakuwa. "Anafa ndi pakati! Iye mwini sanachire! Mwamumaliza nkhope pachabe!"

Pakhomopo panali patasonkhana anthu. Gogo wina wowerama, amene anali atatsamira khasu, anandiyankha m'Chilomwe, ndipo a Armando ananditanthauzira pamene ndinaphonya.

"Akuti timadziwa, mama. Akuti n'chifukwa chake timagwira iyeyu, osati awiri enawo. Enawo sakudziwa mmene zimawawira."

Ndinafunsa ngati tingachotse mwalawo n'kupita nawo, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikanaunyamula bwanji. Anayankha ndi ababa, mawu ali pansi, kuti mwalawo ndi umene wasenza phazi la khomo, ukachoka zonse zitsika. Manja awo anali akadali pamenepo, akuzungulira posalala paja.

"Felesiya, iwe uli ndi maso. Yang'anitsitsa. Palibe chatsala? Ngakhale mphini imodzi?"

Ndinagwada. Ndinayang'ana pamasaya, pachipumi, pansi pa chibwano. Panalibe. Ndinkafuna kunama, koma zala zawo zikanandigwira bodza. Kenako ndinasuzumira kumbali, pakona pamene mutu unakumana ndi khoma, malo opanikiza amene dzanja la munthu wolowa mothamanga silingafike. Munali ukonde wa kangaude ndi dothi la mavu. Ndinachotsa ndi kamtengo, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ababa, khutu lilipo."

Linali lonse, laling'ono, lopindika bwino, ndi kabowo ka ndolo, ndipo mizere ya tchizulo inkaoneka ngati asema dzulo. Ndinatenga chala chawo n'kuchilowetsa pakonapo. Anachiyendetsa m'mphepete mwa khutulo pang'onopang'ono, kangapo konse. Ndinkayembekeza kuti anena kuti nkhope yabwerera m'mutu. Ndinawafunsa. Anapukusa mutu.

Anandipatsa ndodo kuti ndigwire. Anagwada movutika, mawondo akulira, mpaka pakamwa pawo panafika pakona paja. Anayankhula m'Chilomwe, chimene ine ndimangochimva mwa apo ndi apo, koma izi ndinazimva zonse.

"Amayi, ndine Bonifasi. Ndachedwa. Ndakalamba kuposa inu. Ababa anawoloka bwino, anagona ku Mulanje. Ine maso ndilibe, ndiye musachite manyazi."

Amuna a nyundo aja nawonso anali atabwera kudzaima kumbuyo kwathu. Ababa atamaliza sanadzuke. Anatembenuza mutu, n'kugunditsa khutu lawo pa kadzenje kamene kale panali pakamwa, ndipo anadikira.